Kopolo Pedro Akudikirabe Lamulo

Nkhani iyi si yopekera pamowa ayi. Amene anaiona ndi maso alipo, akudya, akuyenda. Tiyamike, amene ankathandiza anamwino pa kampu ya asilikali pamene zinachitikira, pano ali ku Nchalo. Dennis akadali msilikali, wanenepa mpaka yunifolomu ikumukana. Francisco wa bwato mukamupeza padoko la Mtayamoyo tsiku lililonse limene mtsinje walola. Kafunseni aliyense payekha, mudzaone ngati mawu awo adzasiyane. Mwini nkhani yekha, Sajeni Maness Alufandika, ndiye musamufunse, akakulalatirani mpaka mukaiwala chimene munapitira.

Maness ndi namwino wa asilikali, kwawo ku Chikwawa, mayi wa mtima wapachala koma wa manja abwino. M'chaka chachiwiri cha korona, mvula itangoyamba, anamutumiza ku kampu ina yaing'ono pafupi ndi Marka, kumene asilikali ankalondera malire kuti anthu asamangolowa ndi kutuluka m'njira zozembera. Chimene ankachitcha chipatala pa kampupo chinali tenti imodzi, mabedi ochepa achitsulo, bokosi la mankhwala ndi silinda ya okosijeni imene inkatha ngati mchere wobwereka. Kutentha kwa kuchigwa mukukudziwa. Ndiye muganize munthu atavala chipulasitiki kuyambira kumutu mpaka kumapazi, masiki ili pamphuno, thukuta likudzaza m'jombo. Maness ankadzuka atakwiya, n'kugona atakwiya.

Komanso asilikali si anthu owadwazika. Msilikali saopa chipolopolo, koma mungomuonetsa kamtengo kopisa m'mphuno, mumupeza atabisala kuseri kwa chimbudzi. Wina akutsokomola mpaka nthiti kuoneka, akuti ndi fumbi. Fumbi m'nyengo ya mvula! Wina wamwa tsabola, adyo ndi ndimu, m'mimba mwapsa, akubwera kudzafuna mankhwala a m'mimba. Maness ankati bola kuweta mbuzi, chifukwa mbuzi ukaimanga imakhala pomwepo.

Koma mwa onsewo amene anamutopetsa kwambiri anali Kopolo Pedro.

Pedro anali Msena wa ku Makhanga, wamtali, wosakonda zolankhula. Anzake ankamuseka kuti lamulo amalikonda kuposa mkazi wake Juliana. Akuti nthawi ina anamuika kulondera kamlatho kena n'kumuiwala, anakamupeza mawa lake ataima pomwepo, mvula yonse itamuthera pathupi. Atamufunsa chifukwa chake sanabwerere, anangoti, "Palibe adandiuza." Munthu wake ndi ameneyo.

Korona itamugwira inamugwira zenizeni. Koma kumugoneka pabedi inali nkhondo. Lipenga likalira m'mawa, Pedro wavula masiki ya mpweya, wavala jombo, akudzandira kupita pa perete. Masana umupeza kuseri kwa tenti akuwiritsa masamba a nimu kuti afukize. Madzulo ali khale pansi akupolisha jombo, milomo itada bii. Ukamufunsa, yankho linali limodzi, m'Chisena chakwawo: "Ndiri pyadidi, a Sajeni." Kutanthauza kuti ali bwino, munthu akulephera kumaliza mawu atatu osapumira.

Tsiku lina silinda inatsala pang'ono kutha, ndipo Maness anayenera kupita yekha ku boma kukalimbirana ina, poti pafoni ankangomuuza kuti mawa, mawa. Galimoto ikulira kale panja, anasuzumira mu tenti, n'kupeza bedi lopanda munthu. Pedro anali pakhomo lakumbuyo, burashi ili m'manja. Apo ndiye mtima unamukwera.

"Iwe Pedro! Ine ndikukathamangira mpweya wako, iwe ukupolisha jombo? Ukupita ku ukwati?"

"Ndiri pyadidi, a Sajeni."

"Pyadidi pyako ndatopa napyo. Ndine Sajeni, ndiwe Kopolo, eti? Tamvera tsono, ili si pempho la namwino, ili ndi lamulo. Gona pabedipo. Vala masikiyo. Usaivule, usachoke pabedipo mpaka ine ndibwere ndikuuze ndi pakamwa panga. Wamva?"

Pedro anaika jombo pansi pa bedi, mofanana bwinobwino, n'kugona chagada, n'kukokera masiki pamphuno. Anagundanitsa zidendene zopanda nsapato pamwamba pa matiresi. "Sajeni!" anatero.

Maness anatuluka akung'ung'udza kuti akanadziwa akanalamula kalekale.

Ku boma silinda anaipeza atakangana ndi aliyense. Koma pobwerera mvula inali itagwa kumapiri, kamtsinje kena kanasefukira n'kutseka msewu, anagona panjira. Pamene amafika pa kampu, Pedro anali atamwalira kale, atamuika kale. Mukukumbukira mmene ankaikira maliro masiku amenewo: anthu ovala zoyera ngati akupita kumwezi, thumba la pulasitiki, kupopera mankhwala, kukwirira, basi. Wosambitsa panalibe, wolira panalibe. Foni ya Juliana sinkapezeka. Anamuika kumanda a mudzi woyandikana ndi kampu, pakati pa anthu amene sanamudziwepo.

Tiyamike anati munthuyo sanavutitsenso. Kuyambira pamene galimoto inanyamuka sanasunthe, ngakhale kupita kuchimbudzi anakana. Mpweya utatha anamupempha kuti avule masiki poti inalibenso ntchito, iye anapukusa mutu. Anamwalira ili pamphuno.

Maness zinamupweteka kwambiri, tisaname. Koma anthu ena chisoni chimawatulukira ngati ukali. Analalatira dalaivala, analalatira mvula, analalatira Tiyamike chifukwa chosachotsa jombo pansi pa bedi. Analamula kuti bedi litsukidwe ndi kilorini, ntchito ipitirire.

Sabata yomweyo asilikali anabwera naye Dennis atamunyamula, nayenso korona itamugwira. Anali msilikali wamba, wongolowa kumene ntchito, mwana yekhayo wa mayi wina wa ku Ngabu. Anamugoneka pabedi loyandikana ndi la Pedro, chifukwa silinda inkaima pakati pa mabedi awiriwo, ili ndi timapaipi tiwiri, kalikonse ndi kabotolo kake ka madzi kamene kamabwata mpweya ukamadutsa. Usiku womwewo mvula inabweranso, yoposa yoyamba ija, msewu unaduka malo angapo. Ambulansi sikanatha kubwera, Dennis sakanatha kupita. A Lefutenanti, bwana wa Maness, anati pafoni msewu ukonzedwa sabata isanathe. Maness anayang'ana geji yoonetsa mpweya wotsala mu silinda n'kuona kuti kwa munthu mmodzi mpweya ukwana mpaka pamenepo, ukwana movutikira koma ukwana. Moyo wa Dennis unali m'chitsulo chimenecho, panalibenso kwina.

M'mawa mwake, nthawi yoyendera odwala, anapeza timabotolo tonse tiwiri tikubwata.

"Tiyamike! Watsegula mpweya wa bedi lopanda munthu ndani?"

"Si ine, a Sajeni."

"Si iwe? Watsegula ndi udzudzu? Mpweyawu ukuuona ngati wa m'tayala la njinga?"

Anatseka yekha, mwamphamvu, mpaka chala kuwawa. Madzulo poyenderanso anapeza kakubwata. Apo anazula kapaipi konse, kabotolo anakatsekera m'bokosi la mankhwala, kiyi anaika m'thumba. Anati tione tsono mfiti yake.

Kutacha kamuvi ka pa geji kanali katatsika ngati dzulo lomwe, muyeso wa anthu awiri. Maness anaganiza kuti silinda ikudontha. Anasungunula sopo, anapaka thovu pa mfundo iliyonse, palibe pamene panafufuma. Anaganiza kuti geji ndi yakufa, anaigogoda ndi sizasi, kamuvi sikanasinthe. Kenako anaganiza za akuba. Anafoletsa asilikali onse padzuwa la masana, iye ali mu chipulasitiki chake, n'kuwauza kuti akudziwa kuti alipo wina akuba mpweya kukagulitsa kwa owotcherera zitsulo kumsika, ndipo akamugwira adzamupumitsa yekha ndi pompa. Asilikali anangoyang'ana pansi. Palibe anaseka, ndipo zimenezi zinamukwiyitsa koposa, chifukwa asilikali akakhala olakwa amaseka.

Jombo zija anazitenga ndi manja ake n'kuziponya m'matope kuseri kwa tenti. Madzulo zinali pansi pa bedi, zitaikidwa mofanana, zikuwala.

"Masewera amenewa ine sindiwafuna," anatero. Anaitana amuna anayi kuti atulutse bedilo. Anabwera monyinyirika, anagwira aliyense ngodya yake, anakoka. Bedi lachitsulo lopinda, limene Tiyamike ankalinyamula yekha. Linanyamuka pang'ono kumiyendo, kumutu linakana. Mmodzi anasiya, n'kupukuta manja pa buluku.

"A Sajeni, likulemera."

"Mwadya chiyani lero? Amuna anayi!"

"Likulemera ngati pali munthu."

Anatuluka onse osapempha chilolezo, ndipo kuyambira tsikulo panalibe msilikali ankadutsa pafupi ndi tentiyo. Odwala chimfine ankakana kubwera, ankati bola afere ku malo awo ogona.

Maness anaimbira a Lefutenanti. Za jombo sananene, angamuyese wamisala. Anangoti mpweya ukutha msanga, sufika sabata.

"Gwiritsani ntchito mosamala zimene muli nazo, a Sajeni."

"Bwana, ndimuuze mwanayu apume mosamala? Adzipuma Lolemba ndi Lachinayi?"

"Msewu kulibe. Helikopita ili kwa anthu a madzi osefukira. Yesetsani."

Foni anaiponya pa tebulo mpaka batire kugwa.

Fungo ndiye linayamba tsiku lotsatira. Tenti yonse inkanunkha kilorini ndi thukuta, zimenezo anazizolowera. Koma nthawi yoyendera odwala ikakwana, pankabwera fungo lina, lowawa, la masamba a nimu owiritsa, ndipo pansi pake kafungo ka polishi. Pa kampu panalibe amene ankawiritsa nimu, anafufuza mpaka kukhitchini. Tiyamike anayamba kuvala masiki ziwiri. Ankangoyenda chammbali podutsa bedi lija, ngati mmene umapatukira munthu wogona.

Dennis ankafooka. Kamuvi kanalowa pofiira.

Madzulo a tsiku limenelo dzuwa linalowa mofiira ngati magazi kuseri kwa mapiri. Mphepo inaima. Achule anayamba kudambo, udzudzu unayamba nyimbo yake, kutali ku Shire mvuu inabangula kamodzi. Jenereta inali isanayatsidwe, mu tenti munali kachisisira. Maness anawerama pa Dennis kumuyeza kutentha. Dennis anatsegula maso, n'kukweza masiki pang'ono.

"A Sajeni."

"Usalankhule, ukuwononga mpweya."

"A Kopolo akudandaula."

"A Kopolo ake ati?"

"Awa." Anasuntha maso kuloza bedi linalo. "Akuti mukumawadumpha poyendera."

Muzindikire kuti Dennis anabwera pa kampupo Pedro ataikidwa kale m'manda. Sanaonanepo.

"Ndi malungo amenewo. Gona."

"Akuti munawauza asachoke. Asavule. Mpaka mubwere muwauze." Anapuma. "Akuti mwabwera kalekale, koma simukunena kanthu."

Maness anawongoka. Tiyamike anali ataima pakhomo, beseni la madzi lili m'manja.

Achule analeka. Onse pamodzi.

Kenako anamva kubwata. Kabotolo ka Dennis kankabwata kumanja kwake, ankakaona. Uku kunali kwina. Kumanzere. Pamene panalibe kabotolo, panalibe kapaipi. Bwata, bwata, bwata. Kuleka. Bwata, bwata.

Matiresi anali atalowa pakati. Dzenje lalitali, la munthu wogona chagada.

Wina anatsokomola. Chifuwa chouma, chobisa, cha munthu wosafuna kuti a Sajeni amve.

Mukanakhala inu mukanathawa, ndipo palibe akanakunenani. Maness naye anauza Tiyamike pambuyo pake kuti mkodzo unatsala pang'ono kumupulumuka. Koma atayang'ana kamuvi kaja, n'kuyang'ana milomo ya Dennis imene inayamba kuda ngati ya Pedro, mantha anasanduka ukali wake wa masiku onse.

"Iwe Pedro," anatero. "Ngakhale kufa ukufuna ndichite kukuuza? Uli moyo sunkamva, lero wafa ndiye wayamba kumva? Mpweya wa mwanayu ukuupumira chiyani, mapapo ake ati?"

Bwata, bwata.

"Chabwino. Ndikukutulutsa. Dzuka, uzipi—"

"A Sajeni!" Tiyamike ananong'ona, beseni linagwa. "Musawathamangitse. Apita kuti? Njira sakuidziwa. Palibe anawauza kanthu."

Maness zimenezo sankafunika kuphunzitsidwa, ndi mwana wa kuchigwa. Bambo ake omwe anafera m'munda wa nzimbe, ndipo iye ali mtsikana anaona amalume ake akupita kukawatenga. Kuno munthu akafera kutali sumangomukwirira n'kusasa m'manja. Wachibale amapita pamene anafera, amatapa dothi la pamenepo, amamuitana dzina n'kumuuza kuti tiye kumudzi. Panjira sacheuka, ndipo pa mtsinje uliwonse amamuuza kuti tikuwoloka. Akafika amapereka dothilo m'manja mwa abale, pakhomo pa nyumba. Ukangomuthamangitsa osamutenga, amatuluka pabedi n'kukakhala pa amene ali pafupi, ndipo amene anali pafupi anali Dennis. Koma mwambowo uli ndi mbali ina, imene Maness ankaidziwanso: wotengayo asanapereke dothi kwa eni ake, womwalirayo ndi wake. Ndiye chifukwa chake amatenga ndi wachibale, osati munthu wapadera.

Wachibale panalibe. Panali Sajeni, beseni logwa, ndi kamuvi kali pofiira.

"Ntchito imeneyi sindinailembere ine," anatero. "Mulungu akundiona, sindinailembere."

Anavula golovesi ya kudzanja lamanja. Anagwada, anapisa dzanja pansi pa bedi, pambali pa jombo, pamene chinsalu cha pansi chinang'ambika. Dothi linali lozizira ngati la m'mbiya, kuchigwa kotentha chonchija. Anatapa, anathira mu golovesi, anamanga pakamwa pake. Anaimirira, anawongola mapewa monga pa perete.

"Kopolo Pedro!"

Kubwata kunaleka.

"Vula masikiyo. Vala jombo. Unditsate, ndikakutula kwanu kwa Juliana. Usasiyane nane mpaka ndikakupereke. Lamulo!"

Bedi linalira, kwiii, ngati munthu akukhala tsonga. Matiresi anafufuma pang'onopang'ono mpaka kusalala.

Kumbuyo kwake kunamveka zidendene. Pha!

Maness anatuluka osacheuka. Tiyamike akulumbira kuti chinsalu cha pakhomo chinatseguka kawiri. Atayang'ana pansi pa bedi, jombo panalibe. Achule anayambiranso, jenereta inalira, magetsi anayaka.

Kuyambira pamenepo kamuvi kanayamba kutsika muyeso wa munthu mmodzi. Koma Maness atabwerera kuti akaone Dennis, atangoponda mu tenti, kubwata kuja kunayambanso kumbuyo kwake. Anatuluka msanga, akutukwana chamumtima. Anaima pakhomo, anaganiza, kenako anati, "Dikira pano. Ndikubwera." Analowa, kunali zii. Potuluka anati, "Tiye," ndipo fungo la nimu linamutsata mpaka kumene ankagona. Anachita chomwecho masiku onse otsalawo, asilikali akumuonera patali. Msewu unatseguka mochedwa kuposa mmene a Lefutenanti analonjezera, monga mwa nthawi zonse. Pamene ambulansi imafika, silinda inali itangotsala kafungo, koma Dennis anali akupuma, anali atapempha phala.

Maness anapempha tchuthi cha masiku ochepa, anati akukapepesa maliro. Anakwera matola mpaka ku Bangula, pa mlatho uliwonse akunong'ona, anzake a m'galimoto akusuntha kumupatsa malo poganiza kuti mutu sukuyenda bwino. Padoko anapeza Francisco, bambo wachikulire amene ankamudziwa Pedro kuyambira ali mwana. Maness anakwera yekha, ndi kachikwama kam'manja basi. Bwato linamira mpaka madzi kutsala pang'ono kufika m'milomo mwake.

Francisco anayang'ana madzi, anayang'ana mayiyo, anayang'ana thabwa lopanda munthu kumbuyo kwake.

"Mwanyamula ani, mayi?"

"Palasani, bambo."

"Ndiye muwauze akhale pakati."

"Khala pakati, Pedro. Tikuwoloka Shire."

Bwato linawongoka. Francisco anangovula chipewa n'kuchiika pamwendo.

Anapalasa nthawi yaitali, m'malo amene kale anali minda. Chimanga chinkangooneka ngayaye pamwamba pa madzi. Kenako Francisco anasiya kupalasa, n'kuloza ndi nkhafi. Panali mtengo wa mango, madzi atafika m'nthambi, ndi nsonga ya mtanda wa denga ili ndi kansanza kakulendewera.

"Pakhomo pa Pedro ndi pano."

"Nanga anthu?"

"Madzi adabwera usiku umodzi. Ena ali m'misasa kumtunda, ena adawolokera ku Mozambiki kwa abale awo. Juliana ndi ana adawaona akukwera bwato la anthu a kutsidya. Kumene adakatsikira, nkhabe, sindidziwa."

Apo Maness zonse zinamutulukira. Analalatira madzi, analalatira korona, analalatira Juliana chifukwa chosachajitsa foni, analalatira Pedro chifukwa chomanga nyumba m'dambo ngati chule. Ananena kuti iye ali ndi ana ake, ali ndi ntchito yake, sanabadwire kuyenda ndi Akopolo akufa m'thumba. Anatulutsa golovesi ija n'kuyamba kumasula mfundo.

"Pano ndi kwanu. Ndakufikitsa. Zanga zatha."

Kumbuyo kwake kunamveka kachifuwa kaja, kouma, kobisa.

Francisco analankhula motsitsa, maso ali m'madzi. "Mupereka m'manja mwa ani?"

Zala za Maness zinaima. Anayang'ana madzi ofiirawo, akuya, akuzungulira mtengo wa mango. Munthu anafa akusaka mpweya, iye amuuze kuti tsala pano, pansi pa madzi? Ndipo ankadziwa kuti akangonena, atsaladi. Adzaima pamenepo, jombo zili pamodzi, mpaka Shire adzaume.

Analira, Francisco akuti analira mokweza ngati mwana. Atatha anapukuta mamina, anamanganso mfundo, anabweza golovesi m'thumba.

"Tembenuzani bwato, bambo. Pedro, tikuwolokanso. Ndipo usandithokoze, ndatopa nawe."

Anayenda m'misasa yonse ya kumtunda, anafunsa m'matchalitchi, anatumiza uthenga kwa amalonda a ku Marka amene amawoloka malire. Amayi a dzina la Juliana anapezeka ambiri, koma palibe anali wa Pedro.

Korona inatha, masiki anthu anataya, tenti ija inapasulidwa. Dennis anakwatira, mayi ake a ku Ngabu akudyerera zidzukulu. Maness anasamutsidwira ku chipatala china cha asilikali. Golovesi inafumbwa, dothi analithira m'kachitini ka polishi, kamakhala m'thumba la kumanzere la yunifolomu. Anzake a ntchito amati ndi namwino wabwino, kungoti ali ndi kachizolowezi: pakhomo pa wodi iliyonse amaima, n'kunena motsitsa, "Dikira pano," ndipo potuluka, kaya watopa bwanji, kaya wakwiya bwanji, amati, "Tiye." Akuti tsiku lina anabwera ndi wodwala wangozi akuthamanga, anaiwala kunena polowa. Masilinda onse a mu wodimo anayamba kutsika, amisiri anafufuza tsiku lonse osapeza podontha.

Mwamuna wa Maness anapirira chaka chimodzi, kenako anati sangagone m'nyumba yonunkha nimu, anapita. Maness anati apite, bola Pedro amamva zonena.

Tchuthi chilichonse amatsikira kuchigwa, amakwera bwato la Francisco, amafunsa. Ndiye inu amene mumayenda kutsidya, mukadzamva za mayi wotchedwa Juliana, wochokera ku Makhanga, amene mwamuna wake anali msilikali wamtali, mudzamuuze kuti pali Sajeni wina akumufuna, ali ndi katundu wake. Ndipo mukadzakumana ndi Maness panjira yopapatiza, mukamupatukira musabwerere msanga m'njiramo. Dikirani adutse onse.